A Pilato Namaona Sanamwalire

A Pilato Namaona anamva za imfa yawo ali m'minibasi, pochokera ku Limbuli kubwerera pa Chitakale, Lachiwiri lina m'mwezi wa Julaye chaka cha 2024. Kunja kunali chiperoni, mawindo onse otseka, dalaivala atakweza wailesi. Nyimbo imene inkalira inalibe mawu: piyano, malipenga ndi ng'oma yongosisita chapansipansi. Anthu ena anali atayamba kuwodzera. A Pilato anamvetsera pang'ono, kenaka anawongoka pampando. Nyimboyo ankaidziwa. Anaipeka okha zaka zoposa khumi m'mbuyomo, ndipo anaitcha "Janet Akupita ku Chigayo". Koma mmene inkamvekera m'wailesimo, Janet ameneyo ankachita kukoka miyendo ngati wadwala mwezi wathunthu.

Nyimbo itatha, muulutsi anati: "Imeneyo ikuchokera m'chimbale chatsopano cha jazi cha katswiri wathu wa piyano, Bonface Likoswe. Wachijambula ndi gulu lake la anthu khumi ndi awiri pokumbukira malemu a Pilato Namaona a ku Mulanje, omwe anatisiya pa namondwe wa Freddy. Mzimu wawo uuse mumtendere."

"Mzimu wa ndani?" anafunsa a Pilato mokweza.

Mayi amene anakhala nawo pampando umodzi, dengu la zinanazi lili pamiyendo, anayankha mwachifundo: "Akuti agogo ena ake oimba piyano. Anapita ndi madzi. Zachisoni."

"Agogo amenewo ndi ineyo."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kusunthira kuwindo. Kondakitala anaseka chikhakhali. "Madala, mwayamba kale kumwa m'mawa uno?"

A Pilato anali asanalawepo mowa chibadwire. Mtima unawira njira yonse mpaka pa siteji.

Kuti mkwiyo wawo umveke bwino, tiyambe tamudziwa munthuyo.

A Pilato anabadwa m'chaka cha 1951 m'nyumba za kampani pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Muloza. Bambo awo anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambiki pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo anatchola tiyi mpaka msana unapindika. Dzina la Pilato analipereka ndi bambo omwewo atalimva m'tchalitchi n'kukonda kamvekedwe kake. Zomwe mwini dzina anachita anadzazimva mwana atayamba kale kuyenda. Pakhomo ankayankhula Chilomwe, ndipo Loweruka lililonse kumalaini, kunyumba za antchitoko, kunkalira ng'oma za tchopa.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu analembedwa ntchito yokolopa ku kalabu ya mabwana a pa esitetiyo. Pakona ya chipinda chovinira panali piyano yakuda, yaitali kufika m'chifuwa. Mabwanawo ankaigwira pa Khirisimasi pokha. Masiku ena onse inali poikapo matambula. A Pilato ankamaliza kukolopa naini koloko isanakwane, ndipo mpaka leveni kalabu inkakhala ili zii. Maola awiri amenewo ndiwo anali sukulu yawo. Palibe amene anawaonetsa poika zala. Dzanja lamanzere analiphunzitsa kuchita zimene ng'oma yaikulu ya tchopa imachita, lamanja n'kumachita zimene amayi amachita povomera nyimbo.

Kamodzi pachaka kunkabwera mkulu wina wochokera ku Blantyre kudzachuna piyanoyo. Iwo ankamugwirira tochi, maso ali pa zala zake. Pomwe ankasamutsidwira kufakitale kukaphunzira umakaniko wa makina opukusa tiyi, n'kuti akudziwa kale nsambo iliyonse ndi kanyundo kalikonse ka m'kati mwa piyano.

Mu 1994 kalabu inagula makina oimbira makaseti, piyano n'kuitulutsira pakhonde kuti mvula imalize. Chiswe chinali chitadya mwendo umodzi, nsambo zisanu ndi imodzi zitaduka. A Pilato atapita kukaipempha, manijala anaseka nati, "Tengani, mukasonkhere moto." Anaikweza pa ngolo ya thirakitala yonyamula masamba a tiyi. Kuikonza kunawatengera zaka ziwiri. Mwendo anasema wa mlombwa. Tinyundo anativeka zidutswa za chipewa chakale. Nsambo zina anazipeza ku mishoni, zina anayesa mawaya amitundumitundu mpaka khutu litavomera.

Atapuma pa ntchito mu 2009 anasamukira ku Thuchila, kwawo kwa akazi awo a Janet, piyano ili pamwamba pa katundu yense. Kumeneko ankalima nandolo ndi chinangwa, kukonza njinga ndi mawailesi a anthu, madzulo dzuwa lisanalowe n'kukhala pa piyano. Anapeka nyimbo zisanu ndi zinayi. Sanalembe ngakhale imodzi, poti manotsi sankawadziwa, ndipo iliyonse anaitcha dzina la chinthu chomwe anachiona ndi maso: "Belu la Fakitale", "Kapitawo Waterereka", "Mbuzi ya a Kondi", ndi ina ija ya a Janet, amene popita kuchigayo ankayenda liwiro loti ana ankachita kuthamanga kuti awapeze. Pamudzi pakakhala ukwati, amuna asanu ndi mmodzi ankainyamula piyanoyo kukaiika pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kuvina mpaka fumbi koboo.

Bonface Likoswe anafika pakhomopo mu Okutobala 2021. Anali bambo wa zaka ngati makumi anayi, wophunzira zoimba ku Joni, wodziwa kupeka, kuimba piyano ndi kutsogolera gulu. Anali atabwera kudzakwera phiri, ndipo munthu woperekeza alendo ku Likhubula ndiye anamuuza za mkulu wa piyano wa ku Thuchila. Ulemu anali nawo, zimenezo a Pilato sakana mpaka lero. Anavula chipewa, kupereka moni atanjuta, n'kupempha kuti amve nawo. Anabwera masiku atatu otsatizana. A Janet anamuphera nkhuku, kumuphikira kalongonda, kumupatsira makaka oti akadye kwawo. Iye anajambula nyimbo zonse zisanu ndi zinayi pa kachipangizo kake, kujambulanso zithunzi zambirimbiri.

Potsanzika anagwira dzanja la a Pilato ndi manja awiri. "Bambo, nyimbo izi dziko liyenera kuzimva. Ndikakonza zonse ndidzabwera kudzakutengani, tikajambulire limodzi mu situdiyo."

"Ndili pompano, mwana wanga," anayankha a Pilato. "Ndipitanso kuti?"

Bonface anaimba foni kawiri m'chaka chotsatira. Kenaka kunali zii.

Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku atatu osakata. M'mawa wa tsiku lachinayi madzi anafika pakhomo ali ndi matope, mitengo ndi miyala. A Pilato ndi a Janet anathawira kusukulu ya kumtunda ndi zovala za m'thupi zokha. Foni inatsala pawindo. Nyumba inagwa. Patapita masiku asanu, munthu wina anadzawauza kuti piyano yaoneka m'dimba la eni ake kumunsi. Anapita. Anaipeza itakwiririka mumchenga mpaka pakati, matabwa atafufuma, makiyi atamwazika ngati maso a chimanga chokokedwa ndi mbuzi. Anaima pamenepo kanthawi, n'kubwerera kusukulu kuja.

Pamsasa wa pasukulu paja anakhalapo milungu isanu ndi umodzi, maina awo akuitanidwa m'mawa uliwonse polandira phala. Kenaka mwana wawo wotsiriza, Rute, amene ndi telala pa Chitakale, anadzawatenga kukakhala nawo m'nyumba yake ya zipinda ziwiri. A Pilato anayamba kukonza makina osokera a matelala a pamsika. Sanabisale. Aliyense wofuna Pilato Namaona akanangofunsa munthu wogulitsa tomato pa Thuchila, akanamulozera.

Tsiku la minibasi lija atafika kunyumba sanavule ndi jekete lomwe. "Rute, tafufuza pafoni yakoyo. Akuti ndinafa."

Rute anafufuza n'kuchipeza. Chimbalecho chinali ndi dzina loti "Zala za a Pilato". Pachikuto panali chithunzi chawo chopanda mitundu, atakhala pa piyano, mutu atazolika ngati munthu wolemedwa ndi maganizo. M'munsi munalembedwa kuti 1951–2023.

"Apatu ndinkafunafuna sikuluu yomwe inagwera pansi," anatero a Pilato, chala chili pagalasi la foni. "Sikuluu! Iye wandisandutsa munthu wolira."

Iwo, a Janet ndi Rute anamvera nyimbo zonse, foni ili patebulo. Kunena zoona, kuimba kunalipo. Malipenga ankalowa mogwirizana, piyano ya Bonface inali yoyera ngati madzi a m'phiri. Koma nyimbo iliyonse anali ataigoneka. "Kapitawo Waterereka", imene anthu ankaseka nayo mpaka kugwira nthiti, inali itasanduka yoperekezera bokosi. Itafika ya kuchigayo, a Janet anaomba m'manja kamodzi.

"Bambo a Rute, ine ndinayendapo chonchi? Ndi mayendedwe amenewa ndikanapeza chigayo atatseka, ana n'kugona ndi njala."

A Pilato sanaseke. Kutenga nyimbo sikunawapweteke, poti anazipereka okha ndi mtima umodzi, ndipo dzina lawo linalembedwa pa iliyonse. Chinawapweteka n'chakuti munthu amene anadya nkhuku yawo, wodziwa njira ya kwawo, anawaika m'manda osadzaona n'komwe ngati apumadi.

Nkhani ya pawailesi simachedwa. Lachisanu la sabata yomweyo kunafika abale atatu ochokera kutsidya, ku Milanje, atanyamula ufa ndi nkhuku, kudzapepesa a Janet ndi kudzafunsa chifukwa chimene anawabisira maliro chaka chathunthu. Anayamba kulira ali pamsewu. Amene anawatsegulira chitseko anali malemu eni ake, sipanala ili m'manja. Mlamu wawo wamkazi anataya lichero la ufa n'kukhala pansi m'matope. Panatenga ola kuti amvetse, ndipo atamvetsa anakwiyira a Pilato omwewo, ngati kuti anachita dala.

Mnzawo wina wakale wa kufakitale atawaona pamsika anawoloka msewu osayang'ana galimoto. Matelala anayamba kuwaitana kuti "a Malemu". "A Malemu, makina anga akudumphitsa ulusi." Poyamba ankakalipa, koma kukalipako kunkangokometsa nthabwala.

Rute anapeza nambala ya ofesi ya gulu la Bonface n'kuimba. Anayankha ndi mtsikana wa mawu osalala. Rute anafotokoza zonse bwinobwino.

"Mayi," anatero mtsikanayo, "ndinu wachinayi kuimba sabata ino. Wina akuti ndi mwana wawo, wina akuti ndi mkazi wachiwiri. Inu ndiye mwaposa onse, mwawadzutsa. Chonde lemekezani malemu." Anadula.

A Pilato anali chapafupi, anamva zonse. "Ndiwalemekeze ndani? Ndidzilemekeze ndekha? Taimbanso ndiyankhule naye." Rute anaimba kasanu. Foni sinayankhidwenso.

Kumayambiriro kwa Seputembala pa filing'i siteshoni ya pa Chitakale anapachikapo chinsalu chachikulu. Panali chithunzi chomwe chija, nkhope yawo yaikulu kuposa chitseko. Chinkalengeza kuti Loweruka pa 21, thu koloko masana, Bonface Likoswe ndi gulu lake adzakhazikitsa chimbale pabwalo la loji ina ku Likhubula, "kubwezera nyimbo kwawo kwa malemu". Milungu itatu yathunthu a Pilato ankadutsa pansi pa chinsalucho popita kumsika ndi pobwerera.

Tsikulo litafika anavala jekete lomwe Rute anawasokera, n'kuika chiphaso chaunzika m'thumba la m'kati. A Janet anamanga chitenje chatsopano. Rute anatseka shopu. Atatuwo anakwera minibasi ya ku Phalombe n'kutsika pa Likhubula.

Pageti panaima mlonda wamtali, dzina lake Juma, amene kale ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Magalimoto ochokera ku Blantyre ankalowa motsatizana. Atatu oyenda pansiwa anawaimitsa ndi dzanja.

"Makadi oitanira, madala."

"Tilibe."

"Ndiye pepani. Akuti opanda khadi asalowe."

"Mwambo umenewu ndi wa ndani?"

"Wokumbukira agogo awo ali apowo," anatero Juma, akuloza chinsalu china chomwe chinali pampanda.

A Pilato anavula chipewa, n'kupita kukaima pansi pa chinsalucho, n'kuzolika mutu monga momwe zinalili pachithunzi. Juma anayang'ana kumwamba, kuyang'ana pansi, kuyang'ananso kumwamba. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Rute anamupatsa chiphaso. Anachiwerenga milomo ikuyenda.

"Koma zimenezi sanandiuze," anatero Juma chapansipansi. "Anangoti opanda khadi. Za eni maliro sananene." Anakankha geti lonse. "Lowani, agogo. Akandichotsa ntchito, andichotse. Izi ndiye zopusa."

Pabwalo panali anthu ngati mazana awiri atakhala pamipando yoyera pansi pa matenti, kumbuyo kwawo phiri litaima mbee. Kutsogolo kunali oimba khumi ndi awiri ovala zakuda, ndi piyano yaikulu yonyezimira, ya miyendo itatu, imene a Pilato anali asanaionepo ndi maso. Atatuwo anaima kumbuyo kwenikweni.

Bonface anatulukira atavala suti yakuda, kandodo koimbitsira kali m'manja. Anayankhula bwino. Anafotokoza za mkulu wosauka amene anaphunzira yekha, za nyumba ya njerwa zosawotcha, za manja okhakhala. Anati m'nyimbo za mkuluyo anamvamo chisoni cha anthu onse otchola tiyi. Mayi wina wa kutsogolo anapukuta misozi.

"Chisoni chanji?" ananong'ona a Janet. "Mbuzi ya a Kondi inadya kabudula pachingwe. Chisoni chili pati?"

"Tisanayambe," anatero Bonface, "ndipemphe tonse tiimirire, tikhale chete mphindi imodzi."

Anthu anaimirira. Kunangomveka madzi a mtsinje wa Likhubula. A Pilato anayamba kuyenda pakati pa mipando, nsapato zikulira pamiyala, mpaka anafika kutsogolo. Mawu awo ndi a munthu amene anagwira ntchito zaka zambiri pakati pa makina, safuna chimkuzamawu.

"Zikomo, ndifunse nawo. Maliro amenewa anaikidwa kuti? Ndikufuna ndikaone manda."

Bonface anatsegula maso. Kandodo kanagwa. Woimba lipenga wina anati "Mayo!" Anthu anayamba kunong'onezana, mafoni n'kukwera m'mwamba.

"Bambo..." Bonface anatsika pansanja, n'kugwada pamiyala pomwepo. "Bambo, muli moyo? Ambuye! Ndinaimba foni kambirimbiri, sinkapezeka. Ndinafunsa dalaivala wa pano, anati nyumba inagwa, piyano anaipeza m'dimba, ndipo inu simukuoneka. Ndinalira, bambo. Mulungu ndi mboni, ndinalira."

"Kulira munalira, sindikukana," anatero a Pilato. "Ndiye piyano ikapezeka m'dimba, mwini wake wafa? Dzukani, a Likoswe, musadetse suti. Kuchoka ku Blantyre kufika pa Thuchila ndi ulendo wa maola angati pa galimoto yanu ija? Awiri sakwana. Papita chaka ndi theka. Nthawi yosonkhanitsa anthu khumi ndi awiri munaipeza. Yolemba manotsi munaipeza. Yosankha chithunzi, yosindikiza zinsalu, yopita kuwailesi, yonse inapezeka. Koma ya tsiku limodzi loti mudzafunse kuti kodi mkulu uja anaikidwa pati, mkazi wake ali kuti, akudya chiyani, imeneyo sinapezeke. Tinene kuti ndinafadi. Awa ndi a Janet, munadya za m'manja mwawo. Mwawatchula pa chimbale chanu. Munabwera kudzawapepesa?"

A Pilato anasendera pafupi.

"Ndikufunseni chimodzi, mundiyankhe pamaso pa anthuwa. Mukanandipeza wamoyo, chimbale chanuchi chikanakoma chonchi?"

Anthu omwe anali atayamba kuseka analeka.

Mayi woyendetsa mwambo, a Sheila, anaona kuti zinthu zikuipa. Anathamangira pa chimkuzamawu. "Abale, ichi ndi chozizwitsa! Tiwaombere m'manja agogo athu! Agogo, bwerani mutiimbire, piyano ndi iyi!"

Anthu anaomba m'manja mwaphokoso, okondwa kuti apeza pothawira. A Pilato sanafune, koma maso awo anali atapita kale pa piyano ija. Anakwera, kukhala, kuika manja. Zala zinali zisanagwire makiyi chiyambire Malichi wa chaka chathacho. Zinali zitazolowera sipanala ndi mafuta a makina. Makiyi a piyanoyi analinso ofewa kwambiri, ongoti ukawakhudza alira kale. Anayamba ya kuchigayo. Dzanja lamanzere linathamanga, lamanja n'kutsalira. Anaphonya, kuyambiranso, kuphonyanso pomwepo. Anthu anaomba m'manja mwachisoni, monga momwe amaombera mwana akalakwitsa ndakatulo kusukulu.

Kuomba kumeneko ndiko kunawapsetsa mtima kuposa zonse za tsikulo.

"Lekani!" anakuwa. "Mukuombera chiyani? Ndalakwitsa. Simukumva kuti ndalakwitsa?" Anadzuka. "A Likoswe, bwerani mukhale apa. Zala muli nazo, zimenezo ndamva. Khalani."

Bonface anakhala. A Pilato anatembenukira kwa woimba ng'oma, bambo wojintcha wa ndevu. "Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Phalombe, bambo."

"Ndiye tchopa mumamudziwa. Mwakhala mukusisita ng'omazo ngati mukupukuta mbale chifukwa chiyani? Tayani timaburashi timeneto, tengani ndodo." Anayamba kuomba m'manja ndi kuponda pansi, thabwa la nsanja likulira. Wang'omayo anamwetulira koyamba tsiku limenelo, n'kulowa. Bonface analowa naye, koma mwamantha.

"Fulumirani! Mayiwa asiya mwana pakhomo, mitambo yachita bii, chigayo chitseka faifi. Fulumirani!"

Anamuimitsa Bonface katatu. Kachitatu anamugwira dzanja lamanzere n'kulimenyetsa pamakiyi kuti amve pomwe ng'oma yaikulu imagwera. Kachinayi zinatheka. Oimba malipenga anayang'ana mapepala awo, n'kuona kuti sakuwathandizanso, anangotsatira ndi khutu. Munthu wotsogolera gulu, wophunzira ku Joni, anaimba thukuta lili kamukamu, mkulu wokonza makina osokera ataima kumbuyo kwake akumuwerengera ndi phazi. Ogwira ntchito kukhitchini ya loji anatuluka n'kuyamba kuvina kuseri kwa tenti. Ena mwa alendo a makadi aja anadzukanso.

Nyimbo itatha, a Pilato sanadikire kuti anthu amalize kuomba m'manja. Anavala chipewa, n'kuuza a Janet ndi Rute kuti azipita minibasi zisanathe. A Sheila anawathamangira kuti akhale pampando wa alendo olemekezeka. Anakana. Bonface anawatsatira mpaka pageti akupempha kuti awaperekeze pagalimoto.

"Muli ndi alendo," anatero a Pilato. "Mukafuna kuyankhula nane, ndimakhala kuseri kwa msika wa Chitakale. Mukafunse a Malemu, aliyense akulozerani."

Bonface anabweradi Lachitatu lotsatira, ali ndi amalume ake, monga munthu wodziwa kuti walakwa. Anapepesa kwa a Janet poyamba, kenaka kwa a Pilato, kenaka kwa Rute chifukwa cha foni ija. Sanadziikire kumbuyo. Ananena yekha kuti atamva za piyano m'dimba anaopa kubwera, poti sanafune kukaona zomwe madzi anachita, ndipo pambuyo pake nkhani ya imfa inayamba kumuyendera bwino moti analeka kufunsa. A Pilato anati chimenecho ndicho chinthu choona choyamba chomwe amva kuchokera kwa iye chichokereni ku Thuchila. Anamukhululukira pamaso pa amalume akewo, koma anamuuza kuti kukhululuka sikutanthauza kuti asiya kuikamba nkhaniyo.

Zina zinakonzeka, zina ayi. Pa intaneti zaka zija anazichotsa tsiku lomwelo. Koma zimbale zomwe zinali zitasindikizidwa kale anangozimata kapepala pamwamba pa 2023, ndipo kapepalako kamamatuka. Wailesi imene inalengeza imfa yawo miyezi iwiri yathunthu inakonza nkhaniyo kamodzi kokha, muulutsi akuseka. Atolankhani atatu anabwera pa Chitakale. Onse anafunsa mmene munthu amamvera akauka kwa akufa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mmene nyimbo imapekedwera. Wachitatuyo a Pilato anamuthamangitsa asanakhale n'komwe pansi.

Bonface anatumiza kiyibodi yamagetsi. A Pilato anaiyesa masiku awiri, n'kunena kuti ili ngati kugwira chanza munthu wovala magolovesi. Anaipereka kukwaya ya kutchalitchi kwa Rute. Za kupita ku situdiyo kukajambulanso nyimbo zija pa liwiro lake, anavomera, koma anati adikire kaye zala zibwerere, poti sakufuna kukaomberedwanso m'manja mwachisoni.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi boma, ataona kanema wa ku Likhubula pafoni, anatumiza uthenga woti m'chipinda chawo chosungira madesiki othyoka muli piyano yomwe palibe akukumbukira kuti inalira liti. A Pilato anapita kukaiona. Atatsegula chivundikiro munatuluka makoswe anayi. Anatukwana aphunzitsi onse a pasukulupo, akale ndi atsopano, chifukwa chosunga chinthu chotere ngati khola, kenaka anafunsa ngati pali pokhala pabwino pogwirira ntchito.

Panopa amapitako Lolemba ndi Lachinayi, wapansi, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Makiyi makumi asanu ndi awiri ayamba kulira. Otsalawo akuti afuna nsambo zenizeni, ndipo anamuuza Bonface kuti akazipeza ku Blantyre asatumize pa minibasi, abwere nazo yekha.